Kachulu ka mtovu m'madzi oyera: lipoti la maelekitirodi athu osindikiza pa printa ya 3D

Ntchitoyi inayamba ndi elekitirodi (kandodo kodutsa magetsi kamene timaviika m'madzi poyeza) ya glassy carbon, kaboni wolimba wosalala ngati galasi, imene inagwa pansi n'kung'aluka. M'labotale monse tinali nazo ziwiri zokha, ndipo yotsalayo ophunzira ankachita kulandizana ngati khasu la pamaliro. Kuitanitsa ina kunja kumatenga miyezi: mafomu, kusaka ndalama zakunja, kenako kudikira katundu. Ndiye tinaganiza zoyesa chimene tinkangochiwerenga kwa anzathu a ku Brazil, ku England ndi ku Czech Republic, chosindikiza tokha maelekitirodi pa printa ya 3D. Ndalemba lipotili kuti aliyense wofuna kuyenda njira yomweyi adziwe pamene ife tinapunthwa, makamaka pa vuto limodzi limene linatidyera nthawi yambiri ndipo likanatichititsa kunena bodza pa madzi a anthu.

Chimene tinkafuna kuyeza

Cholinga chinali kuyeza mtovu m'madzi a m'zitsime ndi m'mijigo pogwiritsa ntchito anodic stripping voltammetry. Njirayi ili ndi magawo awiri. Poyamba mumaviika elekitirodi m'madzi n'kuipatsa volteji ya pafupifupi -1.2 V poyerekeza ndi elekitirodi ya Ag/AgCl, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu madziwo akutakasidwa. Mtovu wosungunuka umakhamukira pa elekitirodi n'kumatirira pamenepo. Kenako mumakweza volteji pang'onopang'ono, ndipo chitsulo chilichonse chimasiya elekitirodi pa volteji yakeyake. Pochokapo chimatulutsa karenti, ndipo pa mzere wa pa kompyuta pamamera kachulu. Malo amene kachulu kamera amakuuzani kuti ndi chitsulo chanji, msinkhu wake umakuuzani kuchuluka kwake. Zinki imachoka cha ku -1.0 V, cadmium cha ku -0.75 V, mtovu cha ku -0.5 V, kopa pafupi ndi 0 V.

Kale ntchitoyi inkachitika pa mercury. Mu 2000 gulu la Joseph Wang ku New Mexico State University linasonyeza kuti bismuth imagwira ntchito yomweyo popanda poizoni wa mercury, ndipo ife tinatsata njira imeneyo: bismuth pang'ono timaithira m'madzi oyezedwawo, mu acetate buffer (mankhwala oteteza pH kuti isasinthe) ya 0.1 M pa pH 4.5, kuti imatirire pa elekitirodi limodzi ndi mtovu.

Mlingo umene bungwe la WHO linaika pa mtovu m'madzi akumwa ndi 10 µg/L, kutanthauza mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi. Ndi wochepa kwambiri, ndipo mpake, chifukwa mtovu umaononga ubongo wa mwana mosabwerera. Ife a chigawo chino sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomboni ozungulira mgodiwo likudwalitsabe ana. M'matauni mwathu namonso muli anthu amene amaswa mabatire akale a galimoto kuseri kwa nyumba, asidi n'kumatayira pansi, chitsime chili potero. Makina akuluakulu oyezera zitsulo m'labotale, a AAS ndi ICP-MS, amayeza bwino koma ali m'malo owerengeka, ndipo sunganyamule kupita nawo kumudzi. Kachipangizo ka potentiostat, kopereka volteji ndi kuyeza karenti, kokwana m'thumba ndi elekitirodi yotchipa yogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, zimenezo ndiye unganyamule.

Zipangizo

Printa yathu ndi ya mtundu wa FFF, imene imasungunula ulusi wa pulasitiki wotchedwa filamenti n'kumauyala mizeremizere, wosanjikiza pa unzake, monga mmene woumba mbiya amasanjira nkhata za dongo. Makina a mtunduwu anatchipa patent ya kampani ya Stratasys itatha mu 2009, komanso chifukwa cha ntchito ya RepRap imene Adrian Bowyer anayambitsa ku University of Bath mu 2005. Yathuyi si ya labotale yathu yokha. Timabwerekana ndi ophunzira a uinjiniya, ndipo mfundo imeneyi muisunge, ibweranso.

Filamenti yodutsa magetsi tinagula ya Protopasta, ya 1.75 mm, imene ndi PLA yosakaniza ndi carbon black. PLA ndi pulasitiki yochokera ku sitachi wa chimanga kapena ku nzimbe, ndipo payokha siidutsa magetsi. Mwaye wa kaboni umene ali nawo mkatimo ndiwo umapanga tinjira ta magetsi. Elekitirodi tinaijambula pa kompyuta mu pulogalamu ya FreeCAD, yooneka ngati switi ya pakamtengo: kambale kozungulira kolowa m'madzi, ndi kamtengo kolumikizira waya. Tinkasindikiza pa 215 °C, bedi (mbale yoyalapo pulasitiki) pa 60 °C, nozo (kansonga kotulukira pulasitiki yosungunuka) ya 0.4 mm, mzere uliwonse wokhuthala 0.2 mm, mkati modzaza 100%. Kachikho koyezeramo ndi chivindikiro chake cha mabowo atatu tinasindikiza ndi pulasitiki ina yotchedwa PETG. Kachikho koyamba kankadontha pakati pa mizere, koma titaonjezera makoma ndi kuchepetsa liwiro kanasiya. Pamenepo panalibe nkhani yaikulu.

Elekitirodi yokongola koma yogontha

Maelekitirodi oyamba anatuluka osalala, akuda bii, ofanana ngati mapasa. Ophunzira anawajambula pa foni. Titawayesa mu potassium ferricyanide ya 1 mM ndi KCl ya 0.1 M, mzere wa cyclic voltammetry (kukweza volteji n'kuitsitsanso uku mukuyeza karenti) unatuluka wagonagona, wopanda kachulu kooneka. Pa elekitirodi yabwino, mankhwalawa amapereka tizulu tiwiri, kena kokwera kena kotsika, ndipo malamulo a sayansi amati pa 25 °C mpata wa pakati pake uyandikire 59 mV. Ife tinalibe n'choyeza chomwe.

Izi tinkaziyembekezera pang'ono. Gawo lalikulu la filamentiyi ndi pulasitiki, ndipo ikamatuluka pa nozo yotentha, PLA imakuta kunja ngati khungu, kaboni n'kubisala mkati. Mita yoyezera magetsi imaonetsa kuti magetsi akudutsa m'thupi la elekitirodi, koma madzi akukhudza pulasitiki yokhayokha. Khungu limenelo liyenera kusendedwa.

Pali njira zitatu zodziwika. Yoyamba ndi kukwecha ndi sandipepa wonyowa. Yachiwiri ndi kuviika mu DMF, mankhwala osungunula pulasitiki, kwa mphindi khumi, monga linachitira gulu la Martin Pumera pa filamenti ya graphene, mtundu wina wa kaboni. Imeneyi ndinaikana. DMF imaononga chiwindi ndipo imalowa pakhungu, kabati yathu yokoka mpweya imayendera magetsi amene amatha kuzima nthawi iliyonse, ndipo sindikanalola wophunzira kuima pa botolo lotsegula ndi chiyembekezo chakuti lero sazima. Yachitatu ndi ya gulu la Eduardo Richter ndi Rodrigo Muñoz ku Universidade Federal de Uberlândia ku Brazil: kuviika elekitirodi mu NaOH (caustic soda) ya 0.5 M, kuipatsa +1.4 V kwa masekondi 200, kenako -1.0 V kwa masekondi 200. NaOH imadula maunyolo a PLA, khungu lija n'kusungunuka. Tinaphatikiza sandipepa ndi njira yachitatuyi, ndipo tizulu tiwiri tija tinamera.

Wophunzira wina anaganiza kuti ngati masekondi 200 athandiza, 600 athandiza katatu. Elekitirodi yake inatuluka yokhakhala, yosiya mwaye pa tishu, ndipo karenti ya pansi, imene imabwera chifukwa chakuti malo okhudza madzi achuluka, inakwera mpaka kumiza tizulu ting'onoting'ono. Pa ntchito yosaka 10 µg/L, karenti ya pansiyo ndiyo mdani. Tinabwerera ku 200.

Kamtengo kanatalika

Tizulu tinamera, koma mpata wa pakati pake unali wotakata kangapo kuposa 59 mV, ndipo unkakula tikaonjezera liwiro loyezera. Poyamba ndinkaganiza kuti khungu silinachoke bwino. Ndinalakwitsa. Vuto linali kamtengo. Tinakajambula kakatali kuti chopanira waya chisanyowe, osaganizira kuti pulasitiki ya kaboni si waya wa kopa. Kampani yopanga filamentiyi imanena yokha kuti chinthu chosindikizidwa chimakana magetsi pa mlingo wa 30 ohm-cm motsata mizere, ndi 115 ohm-cm modutsa mizere. Kamtengo kakang'ono, kakatali, kamafika ma ohm 1,000 mosavuta. Masamu ake ndi a Fomu 3: karenti ya 100 µA ikadutsa ma ohm 1,000, 100 mV yatayikira m'njira. Potentiostat imaganiza kuti yapereka volteji yakuti, koma yofika pa madzi ndi ina.

Tinafupikitsa kamtengo, tinakanenepetsa, ndipo tinayamba kusindikiza elekitirodi chogona kuti mizere iyende kuchokera ku waya kupita ku kambale. Tinayambanso kuyeza ma ohm a elekitirodi iliyonse ndi mita tisanaigwiritse ntchito, n'kulemba nambala yake m'buku. Yosiyana kwambiri ndi anzake timaitaya. Ntchito ya masekondi ochepa imeneyi inachotsa kusiyana kwambiri kumene tinkakunamizira mankhwala.

Kachulu kosaitanidwa

Apa ndiye pagona nkhani ya lipotili. Zonse zitakhala m'malo mwake, tinayamba kuyeza mtovu. Lamulo n'lakuti musanathire mtovu uliwonse muyambe mwayeza blank, kutanthauza buffer ndi bismuth zokha m'madzi osefedwa. Pa -0.5 V payenera kukhala pa mbee. Pathu panamera kachulu. Kanali kakang'ono, koma titathira mtovu wodziwika wa 10 µg/L kuti tiyerekeze, tinaona kuti kachulu ka mu blank sikanali kochepa kwenikweni poyerekeza ndi kamene mlingo wa WHO umapereka.

Mtsikana amene ankayendetsa gawoli pa digiri yake yachiwiri anabwera ku ofesi ndi laputopu m'manja. "Aphunzitsi, bwanji tingochotsera blank pa zotsatira zonse? Si mmene timachitira pa spectrophotometer?" Funso lake linali lanzeru, ndipo ndinamuuza kuti ayeze kaye blank pa maelekitirodi angapo a gulu limodzi. Anabweranso madzulo nkhope itagwa. Pa ina kachulu kanali kamtali, pa ina kakafupi, pa ina kosaoneka n'komwe. Chinthu chosinthasintha chotero sungachotsere. Ungachotsere nambala ya elekitirodi iyi pa zotsatira za elekitirodi inayo, n'kutuluka ndi yankho limene lilibe mwini.

Ndinaganizira tanthauzo lake kunja kwa labotale. Tikanapita kumudzi ndi maelekitirodi amenewa, mjigo wa madzi abwino ukanaoneka wa mtovu. Mawu akangofika kwa amfumu ndi komiti ya mjigo kuti a ku yunivesite apeza poizoni, mjigowo umasiyidwa, amayi n'kubwerera kudambo kumene kuli kolera. Mawu otero sabwezeka ngakhale mutabweranso ndi pepala lopepesa.

Tinayamba kusaka mwadongosolo, ndipo tinayambira kumene aliyense amayambira, ku madzi. Tinatenga madzi osefedwa ku labotale ina. Kachulu kanalipo. Tinatsegula botolo latsopano la sodium acetate ndi la acetic acid. Kanalipo. Tinanyika magalasi onse usiku wonse mu nitric acid ya 10%, chifukwa mtovu umamatirira pa galasi ndipo labotale yathu inagwirapo ntchito za mtovu kale. Kanalipo. Ndinakayikira botolo la bismuth, popeza mchere wa bismuth umatha kukhala ndi mtovu pang'ono. Ndinakayikiranso NaOH, kenako sandipepa, kenako kachikho ka PETG. Chilichonse tinkasintha chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chinkadya tsiku kapena masiku awiri, kuphatikiza masiku amene magetsi anazima elekitirodi zili pakatikati pa printa n'kuyambiranso.

Ndiyenera kuvomera kuti kuyesa kumene kunayenera kukhala koyamba ndinakuchita mochedwa. Tinatenga elekitirodi ya glassy carbon yotsala ija n'kuiviika mu blank yomweyo, m'kachikho komweko, ndi bismuth yomweyo. Pa -0.5 V panali pa mbee. Madzi, mankhwala ndi magalasi zonse zinali zosalakwa. Mtovu unali mu elekitirodi yosindikizayo. Kuyesa kumeneku kunatenga theka la ola. Ndinachedwa nako chifukwa mumtima ndinali nditaiona elekitirodi yatsopano, yongotuluka pa printa, ngati chinthu choyera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo mwambiwu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinauganizire ndili patsogolo pa printa.

Maganizo anapita ku filamenti. Panali chifukwa chomveka: gulu la Pumera linali litasonyeza kale kuti filamenti ya graphene ya Black Magic inali ndi zitsulo monga ayironi ndi titanium, ndipo zina zimene ofufuza ankayamikira graphene kwenikweni zinkachitidwa ndi zitsulozo. Yathu inali ya kampani ina, koma phunziro lake ndi lomwelo. Ndiye tinadula kachidutswa ka filamenti pa mpukutu pomwepo, kosadutsa mu printa, tinakakuta ndi chubu cha pulasitiki kusiya nsonga yokha, tinakakwecha ndi kukasenda mu NaOH mofanana ndi zinazo, n'kukayesa mu blank. Karenti yake inali yochepa chifukwa malo anali ochepa, koma mzere unali woyera. Titathira mtovu wodziwika, kachulu kanamera bwinobwino, kusonyeza kuti kachidutswako kanali ndi maso. Filamenti inali yosalakwa. Pakati pa mpukutu ndi elekitirodi panatsala printa yokha.

Mtsikana uja ndiye anaganiza zochotsa bismuth mu blank. Kachulu ka bismuth kamamera pafupi ndi pamene kopa imamera, ndipo kamatha kuibisa. Atayeza popanda bismuth, pafupi ndi 0 V panaoneka chulu chenicheni cha kopa, chachikulu kuposa cha mtovu chija, ndipo kumunsi cha ku -1.0 V kunali kaphewa kamene kankaoneka ngati zinki. Kopa ndi zinki pamodzi ndi brasi. Nozo yathu inali ya brasi, monga zambiri zimene zimabwera ndi printa.

Chimene chinkandisokonezabe chinali mtovu. Ndinapita ndi nozoyo kwa bambo amene amasamala zipangizo za dipatimenti yathu, munthu wachikulire amene anagwirapo ntchito zaka zambiri pa makina osema zitsulo asanabwere kwa ife. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mtovu ungapezeke bwanji m'kanthu aka?" Anaitembenuza pachikhatho n'kunena kuti brasi yosemeka bwino pa makina osema zitsulo nthawi zambiri amaithira mtovu, kuti zinyenyeswa zizidukaduka m'malo mozengereza pa mpeni. N'zoona: brasi yotchedwa free-cutting imakhala ndi mtovu pafupifupi 3%, ndipo mtovuwo susungunukira mu brasi koma umakhala timadontho tobalalika. Kenako anatenga kasingano ka 0.4 mm kotsukira nozo n'kukalowetsa pabowo. Kanalowa kakugwedera. Pa maikulosikopu bowolo silinali lozungulira, linali ngati dzira, ndipo nsonga ya nozo inali yoperepeseka ndi timizere tokandika. Iwo ndiwo anandikumbutsa kuti ophunzira a uinjiniya anasindikizapo zipangizo zambiri ndi filamenti ya carbon fibre pa nozo yomweyo. Filamenti imeneyo imadya brasi ngati tupa.

Pamenepo zonse zinalumikizana. Mkati mwa nozo munali mokandika, ndipo pulasitiki yotentha ikamadutsa inkanyamula tinyenyeswa ta brasi pakhungu pake. Tinkaganiza kuti sandipepa achotsa zakunja, koma elekitirodi yosindikiza ilibe kunja kumodzi. Mzere uliwonse wa 0.2 mm unakhudza nozo, ndipo uli ndi khungu lake. Ukakwecha wapamwamba umangofika pa khungu la wapansi pake. NaOH ija, posungunula PLA, inkavundukula tinyenyeswa timeneto pamodzi ndi kaboni. Mu buffer ya asidi tinkasungunuka pang'onopang'ono pafupi penipeni ndi elekitirodi, ndipo pa -1.2 V tinkabwerera pomwepo. Njira imene tinaisankha chifukwa imamva ngakhale mtovu wochepetsetsa inkamva mtovu wa printa yathu. Kusinthasintha kuja kunamvekanso: tinyenyeswa sitichoka pa nozo mwa muyezo.

Pali mbali ina imene inandiopsa kuposa kachulu konama. Kopa imalimbirana malo ndi bismuth pa elekitirodi, ndipo imatsitsa chulu cha mtovu. Choncho elekitirodi yodetsedwayo ikanatha kunama mbali zonse ziwiri: kuonetsa mtovu pamene palibe, ndi kuchepetsa mtovu pamene ulipo wambiri. Bodza lachiwirili ndi limene limasiya mwana akumwa madzi oipa makolo ali ndi mtendere mumtima.

Chimene tinasintha

Tinagula nozo ya chitsulo cholimba, ndipo ndi ya maelekitirodi okha. Tikamaliza timaimasula n'kuisunga m'kabotolo m'labotale. Chubu cha PTFE chimene filamenti imadutsamo tinasinthanso, ndipo timano tokoka filamenti tinatitsuka. Chitsulo sichidutsa kutentha msanga ngati brasi, ndiye maelekitirodi oyamba pa nozo yatsopanoyi anatuluka ndi mizere yosagwirana bwino mpaka tinakweza kutentha ndi 10 °C ndi kuchepetsa liwiro. Blank yoyamba itatha, mtsikana uja anakulitsa mzere pa kompyuta mpaka unayamba kuoneka manjenje a karenti ya pansi. Pa -0.5 V panalibe kanthu, pa 0 V panalibenso kanthu.

Sindikunena kuti nozo ya chitsulo ndi yoyera pa ntchito iliyonse. Wofufuza za kupanga oxygen posweka madzi amadziwa kuti ayironi yochepetsetsa imasintha zotsatira zake, ndiye kwa iyeyo nozo yathuyi ikhoza kukhala vuto lofanana ndi limene brasi inali kwa ife. Nozo isankhidwe poyang'ana chitsulo chimene mukusaka. Sindikunenanso kuti nozo iliyonse ya brasi imadetsa chotere. Yathu inali yodyeka kale.

Panali zinanso ziwiri zazing'ono. Nthawi ya dzinja PLA imayamwa chinyezi, ndipo posindikiza mumamva kuthetheka pa nozo, nthunzi ikuphulika n'kusiya timabowo. Mpukutu tsopano umakhala m'chidebe chotseka ndi silica gel, ndipo tisanasindikize timauumitsa mu uvuni pa 45 °C kwa maola angapo. Osapitirira pamenepo kwambiri, chifukwa PLA imayamba kufewa cha ku 60 °C, mpukutu wonse n'kumatirirana. Chachiwiri, elekitirodi yosindikiza imamwa madzi amene yaviikidwamo. Imene yayeza mtovu wambiri imakumbukira, ndipo ukaiviika mu blank mawa lake kachulu kamabwera ngakhale utaitsuka. Choncho elekitirodi imodzi ndi ya sampulo imodzi. Pamtengo wake izi n'zotheka, popeza imadya filamenti yosakwana galamu imodzi, ndipo kumeneku ndiye kupambana kwake kwenikweni pa glassy carbon. Zinyalala zake zikundivutitsa maganizo. Gulu la Craig Banks ku Manchester Metropolitan University lasonyeza kuti filamenti yodutsa magetsi itha kupangidwa kuchokera ku PLA yogwiritsidwa kale ntchito, ngakhale ya timakapu ta khofi, koma ife makina opangira filamenti tilibe, ndipo maelekitirodi okhudza mtovu timawasunga padera ngati zinyalala zoopsa.

Ndondomeko yathu panopa ili motere. Gulu lililonse la maelekitirodi limalembedwa m'buku: tsiku, mpukutu, nozo, kutentha, ndi nambala ya pa mita. Pa gulu lililonse timapatulapo angapo oyeza blank popanda bismuth, kuti kopa isabisale. Elekitirodi iliyonse imayeza blank yake isanakhudze sampulo, ndipo kuchuluka kwa mtovu timakupeza pothira mtovu wodziwika katatu m'sampulo momwemo, m'malo modalira mzere wopangidwa pa elekitirodi ina. Zimatenga nthawi yotalikirapo, koma elekitirodi iliyonse imadziyankhira yokha.

M'malipoti ambiri amene ndawerenga olemba amatchula printa, filamenti ndi kutentha, koma nozo satchula kuti inali ya chitsulo chanji ndipo inali itagwira ntchito yotani. Ndikaunika ntchito za anzanga tsopano ndimafunsa zimenezi, ndipo ndimapempha kuona blank yokulitsidwa, osati yoikidwa pansi pa chulu chachikulu pamene chilichonse chimaoneka chafulati.

Pamene tafika

Pa madzi a m'labotale othiridwa mtovu wodziwika, maelekitirodi athu tsopano amaona 10 µg/L momveka bwino. Madzi a m'chitsime ndi nkhani ina. Amakhala ndi kopa yawoyawo nthawi zina, ndi zotsalira za zomera zimene zimagwira mtovu kapena kumata pa elekitirodi. Tikuyesa kuthira ferrocyanide pang'ono kuti imange kopa, njira imene ena anagwiritsapo ntchito pa bismuth, ndipo tikuona ngati kuthira asidi kokha kungamasule mtovu wogwidwawo kapena pafunika kuwalitsa ndi UV.

Palibe nambala ya mjigo uliwonse imene tapereka kwa munthu, ndipo sitipereka mpaka zotsatira zathu zigwirizane ndi za AAS pa masampulo omwewo. Mabotolo oyamba a madzi a m'mijigo ali m'firiji, othiridwa nitric acid mpaka pH yatsika pansi pa 2, lililonse logawidwa pawiri: theka lathu, theka lopita ku labotale imene ili ndi makinawo. Nozo yakale ija ndinapempha kuti ipite nawo limodzi, isungunulidwe mu asidi n'kuyezedwa, kuti tidziwe mtovu umene unalimo ndi nambala, osati ndi kachulu kokha. Mayi amene amatsogolera komiti ya mjigo umodzi mwa imeneyi anandiimbira sabata yatha kufunsa ngati madzi awo ali bwino. Ndinawayankha kuti, "Amayi, pitirizani kumwa monga mwa masiku onse, ndipo ndikadziwa zenizeni ndibwera ndekha kudzakuuzani."